Sizasi yokhala ndi kabokosi komanso timiyendo titatu, ntchito yake inali chani?

MdzukuluWachisamba

Akuluakulu moni nonse. Ndabwera ndi kanthu kamene kandisowetsa mtendere sabata yonseyi nde ndati mwina muno muli wina amene anakaonapo. Agogo anga aamuna anatisiya chaka chatha, tsono pamene timalongosola katundu wawo tinatsegula bokosi lawo lachitsulo limene linkakhala kunsi kwa bedi, mmenemo munali makalata akale, magalasi amaso othyoka mwendo umodzi, makiyi a maloko amene palibenso akuwadziwa, ndiye pansi penipeni panali kanthu aka kokulungidwa bwinobwino mkansalu. Kamera ya foni yanga inasweka galasi zithunzi zikumangotuluka za mbuu, bola ndingofotokoza ndi mawu.

Kungokaona koyamba munthu ungati ndi sizasi basi. Kali ndi mphete ziwiri zolowetsamo zala ngati sizasi ina iliyonse, kutalika ndayeza ndi rula ndi masentimita 17. Koma kutsogolo kwake nkumene kwandizunguza mutu. Mpeni umodzi uli ndi kabokosi pamwamba pake, kakang'ono ngati theka la bokosi la machesi, kozungulira msana, kotseguka mbali imodzi yokha. Mpeni winawo uli ndi kachitsulo kafulati koimirira, ukamatseka sizasiyo kachitsuloko kamakalowa mkabokosi muja ngati chitseko mpaka kutsekeratu. Kupitirira kabokosiko kuli nsonga yosongoka ngati msomali, mwina masentimita awiri. Chinanso pansi pake pali timiyendo titatu, kamodzi kunsi kwa kabokosi, tiwiri kunsi kwa mphete zija, moti ukaiika patebulo imaima yokha osakhudza thabwa.

Ndayesa kudula pepala ikungotafuna, nsalu nde ayi ndithu, ulusi wokhawo ndi umene wadukako. Ukaitsegula nkuisiya imabwerera yokha pang'onopang'ono ngati pakati pali sipuling'i yotopa. Mkati mwa kabokosi muli zinthu zakuda bii zouma zomatirira, ndinakandako ndi chikhadabo zinangosiya chala chakuda. Pafupi ndi polumikizira pali zilembo koma dzimbiri ladya, sizikuwerengeka.

Mayi anga akuti mwina ndi yodulira fodya, achimwene anga akuti ndi ya kuchipatala, koma agogowo sankasuta ndipo sanagwirepo ntchito kuchipatala. Loweruka ndufuna ndiikwechese ndi sandipepa iwale ndione zilembozo, koma ndisanatero ndati ndifunse kaye. Munthu sangakulunge chinthu mkansalu zaka zonsezi chopanda ntchito, ndikufunitsitsa nditadziwa.

Telala_wa_kale

Pepani ndi imfa ya agogo mwanawe. Ine ndagwira sizasi zaka zambiri ndithu, nditangowerenga mutu wa nkhani ndimaganiza kuti mukunena sizasi yoboolera mabowo a mabatani, poti nayonso ndi yachilendo, ili ndi mpata pakati pa mipeni kuti isadule mphepete mwa nsalu komanso kasikuluwu pambali kosinthira kukula kwa bowo. Koma kabokosi ilibe, timiyendo ilibe, nde yanuyo si imeneyo.

Ine chimene chandigwira mtima ndi timiyendoto. Sizasi ya telala timangoiponya patebulo, siifuna miyendo. Chinthu amachipangira miyendo ngati kutsogolo kwake kumakhala kotentha kapena kwakuda, safuna kuti kukhudze nsalu ya patebulo. Ndiye kabokosiko nkoti chimene wadulacho chisagwe pansi. Tsono funso nlakuti ndi chani chimene munthu amadula, chaching'ono, chofewa poti mwati mipeni yake siyakuthwa kwenikweni, koma choti chikagwa pansi pakhala vuto? Apa mpamene nzeru zanga zathera. Za fodyazo ndikukayika, zodulira ndudu zikuluzikulu zija zimakhala ndi bowo lozungulira lolowetsamo nduduyo ndipo zimakhala zakuthwa ngati lezala.

Zakudazo musazichotse kaye. Tanunkhizani mutiuze zikumveka chani.

NamwinoUsiku

Za kuchipatala ayi achimwene, awuzeni akulu anuwo. Chida chachipatala chimapangidwa choti chitsukike paliponse, chosalala, chopanda mphako yobisalamo dothi, zambiri zimachita kutseguka mpaka polumikizira pomwe kuti ziphikidwe bwino. Kabokosi kotseka mbali zitatu kangakhale nyumba ya majeremusi. Komanso sitiika chida patebulo choima ndi miyendo, timaika mthireyi. Ine ndikugwirizana ndi amayi a telalawo kuti zakudazo ndiye zikuuzeni zoona.

MphunzitsiWopuma

Mwana wanga, chonde sandipepayo muiike kutali kaye. Mwafotokoza bwino kwambiri moti chithunzi sichikufunikanso, ndipo amayi a telala anafika pakhomo penipeni pa yankho, anangotsala kugogoda. Chaching'ono, chofewa, chotentha, chakuda, choti chikagwa pansi pakhala vuto: ndi chingwe cha kandulo chimene chapsa. Chomwe muli nachocho ndi sizasi yodulira chingwe cha kandulo akuyaka. Pachingerezi amati candle snuffers kapena wick trimmer, Afalansa amati mouchettes, Ajeremani amati Lichtputzschere. Lembani limodzi mwa mayinawa pa intaneti muona abale ake a sizasi yanuyo ali mbwee.

Tiyeni tione mbali iliyonse mmene mwaifotokozeramo. Mipeni ija siyakuthwa chifukwa chingwe chopsa sichilimba, chimangofuna kupanidwa. Kabokosi kamawakha kachidutswa kodukako, ndipo kumbukirani kuti kachidutswako kamakhala kadakali ndi moto, kofiira ngati khala, nde kachitseko kaja kamakakanikizira kukhoma la kabokosi mpaka kuzima chifukwa mpweya sulowanso. Kupanda kutero kakanagwera pa nsalu ya patebulo kapena pa pepala limene munthu akulemba, kapena kukhala kakufuka utsi wonunkha mchipinda monse. Sipuling'i ija ntchito yake nkuti kabokosiko kasatseguke kokha munthu akaika sizasiyo pansi. Nsonga yosongoka ija ankawongolera chingwe chikapindikira mmafuta, komanso kutolera tizinyalala togwera pamwamba pa kandulo, chifukwa kachidutswa ka chingwe kakagwera pamenepo kamayamba kuyaka pakokha ngati chingwe chachiwiri, nkusungunula mbali imodzi, mafuta onse nkumayenderera pansi kandulo nkutha msanga. Timiyendo tija mwamva kale, komanso timathandiza kuti zala zilowe mmphete mosavuta popanda kuyamba watola kaye. Zambiri zinkabwera ndi kathireyi kake kakatali kokhazikapo, tayang'ananinso m'bokosilo mwina kalimo.

Zakuda zili mkatimo ndi mwaye wosakanikirana ndi mafuta kapena phula. Umenewo ndiye umboni wanu kuti sizasiyo inagwiradi ntchito, sinali yongokongoletsera pashelefu.

Pali chisokonezo chimodzi chimene mukumane nacho mukamafufuza. Masiku ano mawu akuti snuffer anthu amatchulira kachipewa kachitsulo kosongoka kaja kovindikira kandulo kuti azime. Kalelo zinali zinthu ziwiri zosiyana, kachipewako kanali kozimitsira, pamene sizasiyi cholinga chake chinali choti kandulo apitirize kuyaka bwino. Munthu wodziwa ankadula chingwe lawi osazima, ndipo kuzimitsa kandulo podula kunali kulakwitsa.

MdzukuluWachisamba

Aphunzitsi zikomo kwambiri, ndafufuza dzina mwanenalo ndipo eee ndi yomweyo ndendende, mpaka timiyendo. Amayi a telala ndanunkhiza, kukumveka ngati utsi wakale ndi kafungo ka parafini patali. Koma pali pamene sindikumvetsa. Ine makandulo ndayatsa moyo wanga wonse magetsi akazima, sindinadulepo chingwe ngakhale tsiku limodzi, chimangotha chokha limodzi ndi kandulo. Nde anthu akalewo amavutikiranji mpaka kusula chida chonsechi? Kapena zinali za anthu olemera zongofuna kuoneka?

MphunzitsiWopuma

Funso limenelo ndi limene ndimayembekezera, chifukwa yankho lake ndi lokoma kuposa sizasiyo. Kandulo amene mumayatsa inuyo si kandulo amene sizasiyi inapangidwira. Usiku uno yatsani mmodzi muyang'anitsitse chingwe chake. Muona kuti sichiima chilili, chimapinda mutu ngati ndodo ya ambulera, ndipo kunsonga kwake kumakhala kadontho kofiira kamene kali kunja kwa lawi, mphepete mwenimweni. Pamenepo mpamene pali mpweya wokwanira, nde nsongayo imapsa nkusanduka phulusa pang'onopang'ono. Pakati pa lawi, pamene pamaoneka pakuda paja, mpweya ndi wochepa kwambiri, chingwe chikakhala pamenepo chimangoda osatha. Mukazimitsa, tengani chingwecho muchimasule, mupeza kuti ncholukidwa ngati tsitsi, sichopota. Kulukako nkumene kumachipangitsa kupinda.

Kalelo chingwe chinali chongopota, ulusi wathonje wopiringizidwa pamodzi basi, ndiye chinkaima chilili pakati pa lawi. Kandulo akamafupika chingwe chinkangotalikirabe, chakuda, kumutu kwake nkutupa ngati kabowa. Chingwe chachitali chimakoka mafuta ambiri kuposa amene lawi lingathe kuwotcha, zotsatira zake utsi, mwaye kudenga, kuwala nkumachepa, mpaka munthu amene akusoka kapena kuwerenga ayambe kutsinzinira. Ndiye makandulo a anthu wamba ku Ulaya anali a mafuta a ng'ombe ndi nkhosa, ofewa, osungunuka msanga, onunkha, ofuna chingwe chonenepa. Oterowo ankafuna kudulidwa pafupipafupi, kangapo pa ola limodzi, usiku wonse. A phula la njuchi ankayaka bwinoko koma anali odula, ankapezeka kwambiri mmatchalitchi ndi mnyumba za olemera. Choncho osauka ndi amene ankavutika kwambiri ndi chingwe, kungoti amene analibe sizasi ankatsina ndi zala zonyowetsa ndi malovu. Kulemera kunkaonekera pa chitsulo chake, wina ya chitsulo wamba, wina ya bulasi, wina ya siliva yozokota maluwa.

Tangoganizani nyumba ya zisudzo ku London kapena ku Paris m'zaka za m'ma 1700, makandulo ambirimbiri akuyaka nthawi imodzi. Kunali munthu wolembedwa ntchito imeneyi yokha, yodula zingwe, ankatulukira kutsogolo kwa anthu pakati pa zigawo za sewero ndi sizasi yake. Ndipo vutoli ndi lakale kuposa kandulo, chifukwa nyale ya mafuta nayo ili ndi chingwe. Amene mumawerenga Baibulo taonani pa Eksodo 25:38, pofotokoza za choikapo nyale cha m'chihema atchulanso mbano zake ndi timbale take tagolide, zimenezo zinali zosamalira zingwe ndi kulandirira zopsazo.

Amisiri analimbana nacho chidachi kwa nthawi yaitali kuti kachidutswa kamoto kasamagwe potsegulanso kabokosi. Ku London munthu wina wokonza mawotchi dzina lake Christopher Pinchbeck analembetsa patenti (chikalata cha boma choletsa ena kukopera luso lake) ya sizasi zoterezi mu 1776, ndipo pambuyo pake ku Birmingham ndi ku Sheffield kunkapangidwa zambiri, zina zokhala ndi zipinda ziwiri mkati mwa kabokosi, kachitseko kamkati kamachita kukwera ndi kutsika kokha. Nchifukwa chake pa zambiri pamalembedwa mawu akuti PATENT, mwina ndi zilembo zimene dzimbiri labisa pa yanuyo.

Chimene chinapha ntchito ya sizasiyi ndi zinthu zitatu zimene zinabwera motsatizana. Ku France katswiri wa sayansi Michel Eugène Chevreul anafufuza mafuta a nyama napeza njira yopatula gawo lolimba, ndipo mu 1825 iye ndi Joseph Louis Gay-Lussac analembetsa patenti ya makandulo a stearin, olimba, osanunkha. M'zaka zomwezo za m'ma 1820 Mfalansa wina, Cambacérès, anabweretsa chingwe choluka chija. Kenako mu 1850 James Young wa ku Scotland analembetsa njira yotulutsa mafuta ndi phula la parafini kuchokera ku malasha, ndipo phula la parafini ndi limene lili mmakandulo ambiri lero. Chingwe chitayamba kudzidya chokha, chida chimene chinali pa tebulo lililonse chinalowa mmadirowa, moti patangopita mibadwo yochepa adzukulu akuchitola osachizindikira ngati mmene mwachitira inumu.

Koma mwati mukumva kafungo ka parafini. Pamenepo ndikuganiza kuti agogo anu anaipezera ntchito ina. Nyale ya parafini ili ndi chingwe chafulati ngati lamba, ndipo chimenecho sichidzidya chokha, chimapanga chikhakha chakuda pamwamba, ukapanda kuchidula molingana lawi limatuluka nyanga mbali imodzi nkudetsa galasi. Funsani achikulire a pabanja panu amene anakula ndi agogowo.

Wosula_Zitsulo

Aphunzitsi afotokoza zomveka ndipo pa ntchito yake sinditsutsa. Ine ndilankhulepo pa ziwiri, zaka zake ndi katsukidwe, poti zitsulo ndi zimene ndimagwira tsiku ndi tsiku.

Pa zaka, bwana tisathamange kunena kuti ndi ya m'ma 1700 kapena 1800 chifukwa choti mtundu wake ndi wa nthawi imeneyo. Zinthu izi sizinasiye kupangidwa tsiku limodzi, zina anapitiriza kupanga za mmatchalitchi, zina zongotsanzira zakale zogulitsa kwa okonda zokongoletsa, mpaka lero zilipo zatsopano. Chimene chingakuuzeni ndi chitsulocho. Choyamba tengani maginito, ngakhale a sipika yakufa. Akagwira ndi chitsulo, ndipo poti mwati pali dzimbiri ndikuona ngati agwira. Akapanda kugwira nkukhala kachikasu mkati ndi bulasi. Mukaona zilembo EPNS ndiye kuti ndi yongokutidwa siliva pamwamba ndi magetsi, njira imene a Elkington a ku Birmingham analembetsa mu 1840, kutanthauza kuti siyingakhale yakale kuposa pamenepo. Siliva weniweni wa ku England amakhala ndi tizidindo ting'onoting'ono tondandana, kamkango koyenda, ndi chizindikiro cha mzinda, nangula ngati ndi Birmingham, mutu wa kambuku ngati ndi London. Mukaona Rd kutsogolo kwa nambala, manambala amenewo anayamba mu 1884. Chachiwiri yang'anani mmene anailumikizira. Yopangidwa pamanja imakhala ndi mikwingwirima ya tupa kunsi kumene maso safika, mphete ziwiri zija sizifanana ndendende, timiyendo timakhala tochita kukhomerera kapena kumatira ndi bulasi. Yothira mchikombole imakhala ndi kamzere kotumphuka mmbali monse ndipo ngodya zake zimakhala zobuntha.

Tsono katsukidwe. Apa ndisiyana nawo pang'ono amene akuti musaikhudze. Mwaye wamkati usiyeni, zoona, sukuwononga kanthu, mafuta akewo mwinanso ndi amene ateteza mkatimo. Koma dzimbiri lofiira ndi lamoyo, likudyabe, mukalisiya zilembo zotsalazo zipita. Kungoti sandipepa ayi. Ine ndinalakwitsapo ndili wachinyamata, munthu anandibweretsera loko wakale wa makolo ake kuti ndimutsegule, ine pofuna kusangalatsa kasitomala ndinamupititsa pa gilayinda kuti awale, dzina la wopanga lonse linapita, mwiniwake atabwera anangomugwira mmanja osalankhula kanthu, nkhope yake ija sindinaiiwale mpaka lero. Chimene wachotsa pa chitsulo sichibwerera.

Chitani chonchi. Donthezani mafuta a makina osokera pamene pali dzimbiri ndi polumikizira, isiyeni igone masiku awiri kapena atatu. Kenako pukutani ndi kansalu kathonje, mmakona gwiritsani mswachi wakale ndi kamtengo kosongola, mtengo sungakande chitsulo. Pomwe dzimbiri lakakamira tengani waya wotsukira mapoto wofewetsetsa uja, mumunyowetse ndi mafuta, nkumasisita mopepuka ngati mukupukuta diso la mwana. Musaiviike mu viniga kapena mu asidi wa batire, anthu amakonda zimenezo poti zimafulumira koma zimasiya chitsulo chotuwa chokhala ndi timaenje, komanso asidi akalowa mmene muli sipuling'i simungamutulutsenso, sipuling'i yakale ndi yopyapyala imaduka. Polumikizirapo musamasule, ndipo musaikakamize kutseguka kupitirira pamene ikufika yokha. Kuti muwerenge zilembo, zimitsani magetsi muunike ndi tochi ya foni chammbali, kuwala kuchite kukwawa pa chitsulo, zilembo zofufutika zimatulukira ndi mthunzi. Mukamaliza musaikulungenso mkansalu komweko ngati mnyumbamo mumachita chinyezi, nsalu imasunga madzi.

Telala_wa_kale

Aaa nde ndaphunzira lero. Ulusi ndimaugwira tsiku lililonse koma sindinaganizepo kuti kupota ndi kuluka kungasinthe mmene moto ukuyakira. Mwanawe ngati mukufuna kuona ndi maso anu zimene aphunzitsi akunenazi, tengani ulusi wathonje weniweni, osati wa poliyesitala chifukwa umenewo umangosungunuka, muupinde kangapo mpaka unenepe ngati chingwe cha nsapato, muupote pantchafu, nde musungunule zotsalira za makandulo mkachitini nkuimika chingwecho pakati. Mukhala ndi kandulo wa chingwe chachikale. Muyatsire pambale yachitsulo kutali ndi makatani, ana asakhale pafupi.

MdzukuluWachisamba

Ndabweranso akuluakulu, pepani ndinachedwa ndimafuna ndichite kaye zonse mwanenazi.

Maginito agwira. Ndinathira mafuta a makina nkudikira masiku atatu ngati mmene ananenera a Wosula, dzimbiri lambiri linachoka ndi kansalu kokha. Usiku nditaunika chammbali zilembo zinatulukadi, P, A, T, kenako pali chibowo cha dzimbiri, kenako N ndi T, ndipo pamwamba pake pali kachizindikiro kooneka ngati chisoti chachifumu. Dzina la wopanga palibe, nambala palibe. Kunsi kwa kabokosi mikwingwirima ya tupa ilipo, ndipo mphete ya chala chachikulu ndi yoperepeseka mbali yamkati, yasalala kuposa inzake. Ndakhala nthawi yaitali ndikusisita pamenepo. Kathireyi mulibe m'bokosi muja, ndakutumula zonse.

Kandulo wa amayi a telala ndinapanga, woyamba chingwe chinagwa, wachiwiri anatheka. Poyamba amayaka bwinobwino moti ndimati mwina ndalakwitsa penapake. Patapita kanthawi chingwe chinayamba kutalika chili chiimire pakati pa lawi, chakuda, kumutu nkutupa kabowa kaja aphunzitsi ananena, lawi linafiira nkuyamba kutulutsa kautsi kowongoka kopita kudenga, ndipo zilembo za nyuzipepala imene ndinaika pambali zinayamba kuvuta kuwerenga. Nde ndinatenga sizasi ija. Ulendo woyamba ndinadula mmunsi kwambiri kandulo anazima. Ndinayatsanso nkudikira, ulendo wachiwiri ndinadula chapamwamba, kunangomveka kuti tswa, kachitseko nkutseka, ndipo chipinda chinawala nthawi yomweyo ngati wina wayatsa kandulo wachiwiri. Nditatsegula kabokosi kachidutswa kanali mmenemo kozima kale, kophwatalala, kagona pamwamba pa mwaye wa agogo. Mayi anga anali pakhomo akuonerera, sanayankhule, anangobwera kudzakhala pafupi.

Mmawa mwake ndinaimbira azakhali anga aakulu, ndiwo oyamba kubadwa. Ndisanamalize nkufotokoza komwe anati, ka sizasi ka nyale kaja kadakalipo? Akuti ali ana, dzuwa likamalowa agogo ankakhala pampando ndi nyale ya parafini, kuchotsa galasi, kulipukuta ndi pepala, kukweza chingwe pang'ono nkuchidula ndi sizasi imeneyi kuti chilingane, kenako nkudulako timakona tiwiri kuti lawi lisachite nyanga. Akuti mwana aliyense ankadziwa kuti kameneko sikogwira, ndipo tsiku lina iwowo anakatenga kukadulira zidole za mapepala, agogo sanawakalipire koma anawakhazika pansi nkuwaphunzitsa kudula chingwe, kuyambira tsiku limenelo ntchito ya nyale inakhala yawo mpaka anachoka pakhomo. Mayi anga ndi omaliza, mmene ankakula nkuti nyaleyo itasiyidwa kale, nchifukwa chake sanaizindikire. Kumene agogo anaitenga azakhali akuti anaipeza ilipo kale chibadwire chawo.

Andiuza kuti ndisaipereke kwa wina aliyense asanaigwirenso mmanja, nde mwezi wamawa ndikupita nayo. A Wosula, funso limodzi lotsala, sipuling'i ija chithirireni mafuta yayamba kubwerera mwamphamvu kuposa kale ndipo ikumalira pang'ono potseka, ndiisiye choncho kapena ndionjezere kadontho kena?